Mwana wa Madzi Ofunda

Chidolecho chinafika ku Furancungo m'katoni, pagalimoto yomwe inkabweretsa mankhwala. Chinali chophwa ngati chubu cha njinga, ndipo kuti chisanduke mwana unkayenera kuchithira madzi ofunda pakabowo ka kumutu mpaka chilemere ngati khanda. Ukachinyamula chinkafunda m'manja, mutu n'kumagwera kumbuyo. Kumchombo kwake kunkachoka timapaipi titalitali tokhala ndi timipira kumapeto. Ukafinya kampira kena mchombo unkagunda ngati mtima, ukafinya kena chidole chinkalira kamawu kowonda. Timipirato tinkakhala m'dzanja la wophunzitsa, tobisika kuseri kwa bedi, ndipo wophunzitsayo ndinali ine.

Nthawi imeneyo ndinali namwino wa amayi ndi ana pachipatala chathu, ndipo chaka chilichonse ankatitumizira ophunzira ochokera kusukulu ya unamwino ya ku Tete kuti adzachite esitajo, miyezi yophunzira ntchito ndi manja. Phunziro limene ndinkalisamala kuposa onse linali la mwana wobadwa osalira. Mwana wotero ali ndi mphindi imodzi yokha. Umupukute mwamphamvu ndi nsalu youma, umusisite msana, ndipo akapanda kupuma umuike kamasikara pamphuno ndi pakamwa n'kuyamba kumupopera mpweya ndi kathumba. Pakunena n'zochepa, koma tsiku loyamba kuona khanda lofooka lili zii, manja amaiwala zonse zimene mutu unaloweza. Chidolecho anachipangira zimenezo, kuti manja ayambe anjenjemera pa mphira asanakhudze mwana wa munthu.

Vuto linali lakuti ophunzira anga sankanjenjemera. Ankaseka. Anachipatsa chidolecho dzina, ankafunsana kuti bambo wake ndani, ndipo wina anachibereka kumbuyo n'kupita nacho kukagula mandasi pageti. Nditagona ndekha pabedi kukhala mayi wobereka, n'kuyamba kubuula, anaseka chikhakhali mpaka mlonda anasuzumira pawindo. Ine ndine wa mtima wapachala, zimenezo sindibisa, kwathu amadziwa. Ndinawakalipira m'Chipwitikizi, ndinawakalipira m'Chichewa, ndinawaopseza ndi nota zoipa pamayeso. Ankakhala chete tsiku limodzi, mawa lake kuseka kuja kwabwerera. Ndipo sindingawanene kwambiri, poti mayi wonenepa wovala yunifolomu yoyera akamabuula kuti akubereka mphira, ngakhale ine ndikanaseka.

Kunyumba ndinkakhala ndi mng'ono wanga, amene ankagulitsa nyemba pamsika. Anabwera kwa ine kuchokera kwathu ku Ntengo-Wambalame zaka ziwiri m'mbuyo mwake, mimba yake yoyamba itathera m'manja. Matenda anamuyamba masana, mvula ikugwa tsiku lachitatu, mtsinje utadzaza moti mota, njinga yamoto, sinkatha kuoloka. Anamuchiritsa ndi amayi athu m'nyumba mwawo, poti amayi ndiwo amene akazi a m'mudzimo amawaitana njira ya kuchipatala ikatsekeka. Mwana anatuluka wamwamuna, osalira. Amayi anamukulunga n'kumuika pambali, ndipo dzuwa lisanalowe akazi okhaokha anakamuika, monga timachitira ndi mtayo. Mtayo salira maliro. Akaziwo anamuuza mng'ono wangayo kuti akagwetsa msozi adzatseka mimba yake, ndipo iye anamvera. Banja lake linatha patapita miyezi yochepa, koma mtima wake unali m'malo pa chinthu chimodzi, chakuti mwanayo anafera m'mimba ndipo panalibe amene akanachitapo kanthu. Iye ndi amayi ankakondana zoti ine ndinkachita nazo nsanje. Lamulungu lililonse ankachezera pafoni mpaka batire kutha, ndipo nthawi yokumba kachewere ankatseka benchi lake pamsika n'kupita kukawathandiza.

Ine ndinkadziwa zina. Nditapita kumudzi patatha sabata chichitikireni zimenezo, amayi anandifotokozera tili awiri m'munda, akupalira. Anati mwanayo anali wamkulu bwino, wofunda, ndipo anatakasa kamwendo kamodzi, koma poti sanalire anadziwa kuti si wathu. Ananena mosabisa, ngati munthu amene akufotokoza za mbewu yomwe sinamere. Ine mtima unangoti phwii. Mwana wotakasa mwendo ndi wamoyo. Ndinayang'ana msana wa amayi, wopindika pa khasu, ndipo ndinameza mawu. Ndinadziuza kuti madzi akatayika sawoleka, kuti kuwauza n'kuwapha ndi chisoni pachabe, ndipo ndinalumbira mumtima kuti nkhaniyi idzafera mwa ine.

Tsono munthu wodziwa zonsezo anaganiza bwanji zogoneka mng'ono wake pabedi lija? Funso limeneli ndadzifunsa kambirimbiri, ndipo yankho lake silikoma. Ashefi a zaumoyo a m'boma lathu ankabwera kudzaona mmene ndikuphunzitsira, ndipo sindinkafuna kuti adzapeze chikhakhali. Ndinkafuna mayi amene ophunzira sakumudziwa, amene mawu ake angawalase. Ndipo pansi pa mtima ndinkadziwa kuti mng'ono wanga sadzafunika kuyeserera kwambiri. Ndinamusankha chifukwa cha bala lakelo, ngakhale kuti pakamwa ndinkati ndamusankha chifukwa ali pafupi.

Ndinamuuza kuti ndi sewero chabe, agone, abuule, afunse za mwana wake, basi. Anaseka mpaka anakhala pansi. Anati zaka zonsezi ndakhala ndikumusakira mwamuna, ndalephera, tsono ndaganiza zomupatsa mwana wa m'katoni. Tinaseka tonse. Sindinamuuze kuti mwanayo adzatuluka osalira.

Tsikulo tinakonza chipinda chakumapeto kwa matenidade, nyumba yoberekeramo, ngati tsiku lenileni. Ndinathira chidole madzi ofunda, ndinachipaka mafuta ndi utoto wofiira, n'kuchibisa pansi pa kapulana, chitenje chimene mng'ono wangayo anafunda. Ashefi anakhala pampando pakona ndi kope lawo. Ophunzira anaimirira m'mbali mwa khoma, ndipo ndinaitana mtsikana wina wamtali wa mumzinda, amene ankayambitsa kuseka nthawi zonse, kuti ndiye alandire mwana.

Mng'ono wanga anayamba bwino, mongosewera, akundiyang'ana ndi diso la kuseka. Koma mtsikana uja atakoka chidole n'kuchigoneka pakati pa miyendo yake, chofunda, choterera, chili zii, ndinaona nkhope yake ikusintha. Anadzuka ndi zigongono n'kuyang'ana pansipo.

"Bwanji sakulira?"

Sanakuwe. Anafunsa motsitsa, ndipo m'chipinda monse munalibe amene anaganiza zoseka. Mtsikana wamtali uja anauma kaye, kenako anatola nsalu n'kuyamba kupukuta chidole, manja akunjenjemera monga ndinkafunira. Anachitembenuza n'kuchisisita msana. Anachita bwino ndithu, ndipo pamenepo ndikanatha kufinya kampira kuti mwana alire, nkhani ithe. Sindinafinye. Ndinkafuna afike pa kathumba ka mpweya ashefi akuona. Anaika kamasikara mokhota, mpweya n'kumathawira m'mbali, anakonza, anapopanso, chifuwa cha chidole chinayamba kukwera ndi kutsika. Apanso ndinadikira. Ndinkayang'ana nkhope za ophunzira anga zili gwa ndi mantha, ndipo ndinkamva kukoma. Mng'ono wanga anali atagwira chitsulo cha bedi, akunong'ona mawu amene sindinawamve, ndipo ine ndinawerenga mpaka makumi awiri mumtima ndisanafinye.

Chidole chitalira, mtsikana uja anachiika pachifuwa cha mng'ono wanga n'kuchifunditsa, iye mwini misozi ili m'maso. Anzake anaomba m'manja. Ashefi anaimirira n'kundigwira chanza, nati sanaonepo phunziro logwira mtima chotero, ndipo adzauza zipatala zina kuti zidzaonere kwa ife. Ndinasangalala. Ndikanakonda kulemba kuti mtima unandigunda nthawi yomweyo, koma ayi, ndinasangalala ngati mwana wopambana mayeso.

Kenako tinakoka katani n'kukhala pansi kukambirana zimene zachitika, monga timachitira pakutha pa sewero lililonse. Wophunzira wina anafunsa ngati mwana aliyense wosalira amafunika kathumba. Ine, ndi mawu anga a uphunzitsi aja, ndinati ayi, ambiri amadzuka ndi kupukuta ndi kusisita kokha, ndipo zimenezo angathe kuchita munthu aliyense wokhala ndi manja ndi nsalu youma. Ndinawauza kuti m'midzi ana ambiri amaikidwa pambali ali moyo. Ndinawanenetsa pamodzi katatu m'Chipwitikizi kuti mwana wosalira si mwana wakufa, kenako ndinati anenenso m'Chichewa, poti ndi mmene adzauzire anthu ku Chidzolomondo ndi kwina kumene adzatumizidwe. Ananena mokweza, mogwirizana bwino. Mng'ono wanga anali akadali kuseri kwa katani, akupukuta utoto m'miyendo, ndipo ine ndinali nditaiwaliratu kuti alipo.

Madzulo ndinamupeza pakhonde akusankha nyemba m'lichero. Ndinamuyamikira, ndinati ashefi akuti ndi katswiri. Anasankha nyemba kwa kanthawi, kenako anafunsa osandiyang'ana, akundiitana kuti mana monga timaitanira mkulu wathu wamkazi.

"Mana, wanga uja akanamusisita akanalira?"

Ndinati ine kunalibe, sindingadziwe. Anafunsa chimene amayi anandiuza nditapita kumudzi, ndipo ndinati palibe chimene anandiuza. Bodza limenelo linatuluka msanga kwambiri, ndipo iye amandidziwa.

"Ndinamva kamwendo kakundigunda pantchafu," anatero. "Zaka zonsezi ndimati ndinalota."

Kuyambira tsiku limenelo analira maliro amene anamuletsa aja. Ankalira kuseri kwa nyumba, pamene timatsukira mbale, masana dzuwa likuswa mtengo, mpaka anansi anayamba kufunsa ngati kwathu kwagwa zovuta. Lamulungu foni inalira, iye anangoiyang'ana mpaka inasiya. Lamulungu linalo chimodzimodzi. Amayi anayamba kuimbira ine, ndipo ndinkawanamiza kuti netiweki yavuta, kuti kumsika kwachuluka ntchito, kuti ali ndi chimfine. Nthawi yokumba kachewere inafika ndipo sanapite. Amayi anakumba okha ndi aganyu, n'kutitumizira thumba pashapa, minibasi ya kwathu kuno, ndipo mng'ono wanga sanadyeko ngakhale mmodzi.

Ndinayesa kukonza. Ndinamuuza kuti si ana onse amene amadzuka, kuti mwina wake anali ndi vuto lina la mkati, kuti ngakhale kuchipatala kuno timataya ena titachita zonse. Zinali zoona, koma iye anandidula. Anati ndisamuphunzitse zinthu ziwiri zosiyana, china cha ana a eni ake, china cha iye. Ndinakwiya, poti munthu wolakwa sachedwa kupsa mtima, ndipo ndinamuuza kuti amayi sanapite kusukulu, asawasenzetse mlandu umene sakuudziwa. Anati mlandu sakuwasenzetsa, koma akamva mawu awo amaona manja awo akukulunga mwana wake, ndipo sangathe kuwafunsa za mvula ndi nkhuku ngati kale. Ndinamulanda chinthu chimodzi chimene chinkamugoneka tulo, ndipo ndinalibe china chomupatsa m'malo mwake.

Patapita miyezi itatu anawaimbira yekha. Ndinali kuchipinda ndikusita yunifolomu, ndipo ndinamva zonse poti zinali zazifupi. Sanawapatse moni. Anangofunsa ngati anamupukuta mwana uja asanamukulunge, anamvetsera pang'ono, anati ku matenidade kuno kuli chidole chimene chimadzuka akachipukuta, n'kudula foni.

Amayi anafika patatha masiku awiri. Kuchokera kwathu kufika ku Furancungo ndi ulendo wotopetsa ngakhale kwa wachinyamata, shapa ziwiri ndi mota, ndipo iwo anali asanabwereko chiyambire. Sanapite kunyumba. Mnzanga wa ntchito anadzandiuza kuti pabenchi la odikira pali mayi wachikulire amene sakudwala koma akukana kuchoka. Ndinawapeza atakhala mowongoka, duku ndi nsidze zili fumbi lokhalokha, kachikwama kali pamiyendo. Ndinagwada kuwapatsa moni, anayankha mwachidule, kenako anati ndiwaonetse chidole changacho.

Ndinatuma uthenga kumsika kuti mng'ono wanga abwere, ndipo ndinalowa nawo amayi m'chipinda chakumapeto chija. Apa ndinayesa chinyengo changa chotsiriza. Ndinayala patebulo zonse zimene ndikanapeza, kathumba ka mpweya, timasikara tiwiri, kampira koyamwira mamina, wotchi, chomvetsera mtima, mpaka ndinagubuduza botolo lalikulu la mpweya limene silinkagwira n'komwe ntchito. Ndinkafuna aone kuti kudzutsa mwana kumafuna katundu amene kumudzi kulibe. Anayang'ana zonsezo mmene amayang'anira wogulitsa feteleza wosakaniza ndi mchenga.

"Chotsa zimenezi. Yamba poyambira, monga umawaphunzitsira ana a eni ake."

Ndinatenthetsa madzi n'kuthira m'chidole. Mmene ndinkamaliza, mng'ono wanga anali ataima pakhomo, sanalowe ndipo sanawapatse moni. Amayi analandira chidolecho ndi manja awiri, n'kuchirikiza mutu wake popanda kuuzidwa, poti ana amene anawalandira pa moyo wawo ndi ambiri kuposa amene ophunzira anga onse anawaonapo. Ndinawapatsa nsalu. Ndinawaonetsa kupukuta, kuyambira kumutu, mwamphamvu, osati mosisitiza ngati ukuopa kumudzutsa. Ndinawaonetsa kumutembenuza ndi kusisita msana, kukwera ndi kutsika. Anachita kamodzi ndipo anakhoza. Anafunsa kuti kenako n'chiyani, ndipo ndinati kenako ambiri amalira.

"Basi?"

"Basi, amayi. Ena amafuna kathumba, koma ambiri ndi pomwepa."

Anapitiriza kusisita. Timipira tija tinali lende m'mbali mwa tebulo, ndipo sindinatikhudze, poti sindinkadziwa chimene chikanawapweteka kwambiri, chidole kulira kapena kusalira.

"Nsalu ndinali nazo zitatu," anatero. "Ndinazichapa ndekha, ndinaziyanika m'nyumba chifukwa cha mvula ija. Zinali pamphasa pomwepo, zouma. Ndi zimene ndinamukulungira."

Dzanja lawo linkangokwera ndi kutsika pamsana wa mphira uja, mpaka mng'ono wanga analowa, anagwada pambali pawo, n'kuwagwira pamkono kuti aleke. Anawaitana kuti amayi, koyamba m'miyezi itatu, ndipo anatsamiritsa mutu pantchafu pawo. Amayi anamuika dzanja pamutu. Ine ndinaima kumbali ndi ketulo m'manja, ndipo ndivomere kuti mtima unayamba kutsika. Ndinaganiza kuti mwina zatha bwino, kuti mwina kulakwa kwanga kwabala chabwino, ndipo ndinayamba kale kudzikhululukira.

Pamenepo amayi anakweza maso n'kundiyang'ana. Ndinkayembekezera ukali, poti mtima wapachalawu ndinatengera iwo, koma analankhula mofatsa.

"Iwe unadziwa tsiku lija m'munda. Ndinaona nkhope yako, ndinangoti ndi chisoni."

Ndinati ndinkaopa kuwapweteka.

"Ukanandipweteka," anatero. "Mvula ya chaka chatha mtsinje unadzazanso. Anandiitana kwa mtsikana wa kutsidya kwa dimba lathu, mimba yoyamba. Nayenso mwana wake sanalire."

Sindinawafunse chimene anachita naye.